Supu ya nkhuku yopanda mbatatesi ndi ufa: chimene chimaisukulutsa ndi mmene mungaikonzere

Dandaulo lake limakhala limodzimodzi. Munthu waganiza zochepetsa makabohaidireti, omwe ndi sitachi ndi shuga za m'zakudya, kaya chifukwa cha shuga kaya akufuna kutsitsa thupi, ndiye watenga kaphikidwe ka supu ya nkhuku kamene wakhala akukadalira kwa zaka, n'kuchotsamo mbatatesi, mpunga, makaroni ndi ufa wolimbitsira. Chotsala m'poto ndi madzi otuwa, tinyama touma tokakamira m'mano, ndi masamba ofeweratu akuyandama pamwamba. Wamwa mbale ziwiri, koma lisanathe ola njala yabweranso. Zikachitika kawiri katatu, amangoti kadyedwe aka si kanga, n'kubwerera ku zakale.

Inenso ndinavutika nazo kwa miyezi ingapo, ndipo chimene ndinazindikira mochedwa n'chakuti vuto silinayambe tsiku limene ndinachotsa mbatatesi. Msuzi wanga unali wosukuluka kuyambira kale, koma sitachi ankabisa. Mbatatesi ikamapsa imasungunukira m'madzi n'kuwalimbitsa, ufa nawo chimodzimodzi, ndiye pakamwa pamamveka ngati mwaphika chinthu cha mphamvu pamene mwangowiritsa nyama m'madzi ochuluka. Chobisiracho chikachoka, msuzi umaonekera mmene ulili. N'chifukwa chake mavuto ambiri amene ndafotokoza m'munsimu mankhwala ake ali pa mafupa, pa moto ndi pa mchere, osati pofunafuna chinthu chachilendo cholowa m'malo mwa mbatatesi.

Msuzi uli ngati madzi

Yambani ndi kudzifunsa kuti munaika ziwalo ziti za nkhuku. Ambiri akayamba kusamala za kadyedwe amathamangira nganga yopanda fupa ndi khungu, poganiza kuti ndiyo nyama yabwino. Pa supu, nganga ndiyo yosauka kuposa ziwalo zonse. Chimene chimachititsa msuzi kumveka wolemerera pakamwa ndi kolajeni, yemwe amapezeka m'khungu, m'mfundo, m'minyewa ndi m'mafupa. Akaphikidwa nthawi yaitali m'madzi otentha amasungunuka n'kusanduka jelatini, ndipo jelatiniyo ndi puloteni, mulibe kabohaidireti ngakhale pang'ono. Kolajeni amachuluka m'mapiko, m'khosi, kumsana, ndipo koposa zonse m'zipalapasiro. Zipalapasiro zinayi kapena zisanu ndi chimodzi zotsukidwa bwino, zochotsedwa zikhadabo, zimasintha poto yense. Ngati simuzikonda m'mbale, muzivuule msuzi ukapsa, ntchito yake zimakhala zagwira kale.

Chachiwiri ndi madzi. Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa chifukwa chofuna kuti supu ikwanire anthu onse. Pa nkhuku ya kilogalamu imodzi ndi theka, madzi asapitirire malita awiri kapena awiri ndi theka. Ngati mulibe choyezera, thirani mpaka angomiza nyama ndi zala ziwiri zopingasa. Akaphwera mkati mophika n'kuyamba kuonetsa mafupa, onjezerani pang'ono madzi otentha ongokwanira kumizanso, osadzaza poto.

Chachitatu ndi nthawi, ndipo pano mtundu wa nkhuku uli ndi gawo lake. Nkhuku zanyama zokula msanga zimaphedwa zili ndi masabata pafupifupi 6. Nyama yake imapsa mwachangu, koma mafupa ake amafunabe maola awiri kapena atatu kuti atulutse zonse. Nkhuku yaikulu msinkhu, monga yomwe yasiya kuikira mazira, imakhala yolimba ndipo imatha kudya maola atatu isanafewe, koma msuzi wake ndi wina. Ndikapeza mwayi wosankha, pa supu ndimatenga yoteroyo.

Pali njira yosavuta yodziwira ngati mwakhoza. Tungani msuzi pang'ono m'kapu, muike mufiriji usiku wonse. Ukagwirana n'kumanjenjemera mukagwedeza kapu, jelatini alimo wokwanira. Ukakhalabe madzi, ulendo wina onjezerani mapiko ndi zipalapasiro kapena chepetsani madzi. Ndipo ngati vutoli mwaliona lero supu ili kale pamoto, vuulani nyama ndi masamba, vundukulani poto, muwiritse msuzi wokhawo mpaka utaphwera ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Musathire mchere womaliza musanachite izi, chifukwa madzi amauluka koma mchere umatsala.

Yaphikidwa nthawi yaitali koma siikukoma

Nthawi zambiri supu yotere imangokhala yozizira mchere. Msuzi wa lita imodzi umakolera ndi mchere wokwana supuni yaing'ono imodzi, yomwe ndi magalamu pafupifupi 6, kapena kucheperapo pang'ono. Thirani theka koyambirira kuti nyama ilowe mchere, kotsalako muzithira pang'onopang'ono kumapeto mukulawa.

Mchere ukakolera koma n'kumamvekabe kuti china chikusowa, chosowacho nthawi zambiri ndi chowawasa. Madzi a ndimu theka, kapena supuni yaing'ono ya viniga, othiridwa poto atatsika pamoto, amadzutsa kukoma komwe kunagona pansi pa mafuta. Ndaona anthu akuonjezera tizidutswa ta zokometsera zogula kachiwiri ndi kachitatu pamene chimene supu inkafuna ndi ndimu basi. Zokometsera zimenezo muziwerenganso papaketi pake: zambiri zimakhala ndi sitachi, shuga kapena maltodextrin (kaufa kochokera ku sitachi), kuphatikiza mchere wochuluka. Kamodzi m'poto wamkulu sikangakuonongereni kadyedwe, koma ufa wa supu wa m'mapaketi, womwe umalimbitsa msuzi ukangouthira, mbali yake yaikulu ndi sitachi amene mukumuthawayo.

Kukoma kwenikweni kumayambira poto asanaone madzi. Pukutani nyama kuti iume, muikazinge mbali ya khungu m'mafuta pang'ono mpaka ifiire bwino, osaitembenuzatembenuza. Kufiira kumeneku kumachitika mapuloteni akakumana ndi tishuga tochepa ta m'nyama pa kutentha kopitirira madigiri 140, zomwe katswiri wa ku France, Louis-Camille Maillard, anazifotokoza mu 1912. Madzi amawira pa madigiri 100, choncho nyama yoponyedwa m'madzi yaiwisi siingafiire ngakhale mutaiphika tsiku lonse. Mukadzaza poto ndi nyama yambiri nthawi imodzi, imatulutsa madzi n'kuyamba kuwira m'malo mokazingika, ndiye kazingani pang'onopang'ono, magulu awiri kapena atatu. Zofiirira zomatirira pansi pa poto musazitaye. Thiranipo kapu ya madzi, mupale ndi mthiko kuti zisungunuke. Bowa nayenso mumukazinge payekha mpaka madzi ake ataphwa, chifukwa bowa woponyedwa m'msuzi wamuwisi amangoyandama osapereka kukoma kwake konse.

Nyama yauma ngakhale ili m'madzi

Izi zimadabwitsa ambiri, koma nyama imatha kuuma ili m'kati mwa msuzi. Ikatentha kwambiri, minofu yake imakokana n'kufinya madzi ake kunja. Nkhuku imakhala yapsa mosaopsa mkati mwake mukafika madigiri 74. Nganga ikapitirira pamenepo imayamba kuuma msanga chifukwa ilibe mafuta ndi kolajeni woiteteza. Ntchafu ndi miyendo zimapirira, ndipo zimafewa bwino zikapitirirako pang'ono.

Choncho musaphike nyama ndi mafupa kwa nthawi yofanana. Pa nkhuku yanthete, vuulani nganga pakatha mphindi 20 mpaka 25 chiyambire kuwira, ntchafu ndi miyendo pakatha mphindi 40 mpaka 45. Zikazizirako, chotsani mnofu, muusunge m'mbale yovundikira mutathirako msuzi pang'ono, ndipo mafupa ndi khungu mubwezere m'poto zipitirize. Mnofu ubwerere pamapeto penipeni, kungoti utenthe.

Moto nawo ukhale wochepa. Poto asamabwadamuke. Mukayang'ana pamwamba muzingoona tithovu tikutumphuka apa ndi apo. Kubwadamuka kumaumitsa nyama, kumaswa mafuta n'kuwasakaniza ndi madzi, msuzi n'kuda ngati madzi otsukira mbale. Thovu lotuwa lomwe limayandama koyambirira ndi mapuloteni oundana, si loopsa, koma mukaliyengula ndi supuni msuzi umayera.

Mukaona kufiira pafupi ndi fupa la ntchafu musathamangire kubwezera nyama pamoto kwa ola lina. Mafupa a nkhuku zazing'ono amakhala osakhwima, ndipo mtundu wa m'kati mwa fupa umadutsira kunja n'kudetsa nyama yoyandikana nalo ngakhale itapsa. Kachipangizo koyezera kutentha kwa nyama ndiko kamathetsa mkangano umenewu.

Ndikufunabe supu yolimba

N'zomveka. Msuzi wa jelatini umalemerera pakamwa, koma ukakhala wotentha umayendabe ngati madzi, ndipo ena timafuna supu yogwira supuni. Ufa wa tirigu supuni yaikulu imodzi uli ndi magalamu pafupifupi 6 a makabohaidireti, ufa wa sitachi ya chimanga 7, ndipo poto wamkulu amafuna masupuni angapo. Njira zina zilipo.

Imene ndimaikonda ndi kolifulawa. Phikani theka la mutu m'msuzi womwewo mpaka afeweretu, mumuvuule pamodzi ndi makapu awiri a msuzi, mumupere m'bulenda kapena kumupota ndi mphanda, kenako mubwezere m'poto. Fungo lake limabisika ndi nkhuku, ndipo supu imalimba ngati munaika mbatatesi. Zukini (kadzungu kobiriwira kooneka ngati nkhaka) wosenda amagwiranso ntchito yomweyo, ngakhale salimbitsa kwambiri chifukwa ndi wamadzi.

Ina ndi yolika ya dzira, chachikasu chija. Menyani ziwiri kapena zitatu m'mbale pamodzi ndi madzi a ndimu, kenako muzithiramo msuzi wotentha pang'onopang'ono, chipande chimodzi, mukutakasa osaleka. Mukatero tsitsani poto pamoto n'kuthiramo zosakanizazo. Yolika imayamba kulimba pa madigiri 65 mpaka 70, ndiye supu ikawiranso dzira limaphwanyika n'kukhala timibulu. Ngati zakuchitikirani kale, sefani msuzi kapena muupere m'bulenda, kukoma sikunapite.

Kirimu wa mkaka nayenso amathandiza, koma akhale wamafuta ambiri. Mkaka wamba ndi kirimu wochepa mafuta zimadukaduka zikakumana ndi moto waukulu kapena ndimu, komanso kapu ya mkaka ili ndi magalamu pafupifupi 12 a shuga wa mumkaka. Pali kaufa kena kotchedwa xanthan gum komwe ambiri ochepetsa makabohaidireti amakagwiritsa ntchito. Kamagwira, koma n'kaukali: kota ya supuni yaing'ono ndi yokwanira lita yonse. Mukasakanize kaye ndi mafuta pang'ono kuti kasachite mibulu. Kakachuluka supu imananda, ndipo kukonza kwake n'kuonjezera msuzi wina basi. Ine ndinakasiya, chifukwa kolifulawa amachita zomwezo n'kuonjezeranso chakudya m'mbale.

Masamba: ati, angati, ndipo alowe liti

Apa pali zolakwa ziwiri zosiyana. Ena amachotsa mbatatesi koma n'kudzaza poto ndi nsawawa, chimanga chotsekemera ndi karoti wambiri, kenako n'kumadabwa kuti shuga sakutsika. Ena amachita mantha mpaka kuchotsa anyezi ndi karoti yemwe, supu n'kusanduka madzi a nkhuku opanda fungo.

Manambala amathandiza kuchotsa mantha. Pa magalamu 100 aliwonse, mbatatesi yaiwisi ili ndi magalamu pafupifupi 17 a makabohaidireti, nsawawa 14, mpunga wophika 28. Karoti ndi anyezi zili pakati pa 9 ndi 10. Zitheba zili ndi 7, kabichi 6, kolifulawa 5, pamene zukini, selari, bowa ndi sipinachi zili pa 3 kapena 4, ndipo mbali ina ya manambala amenewa ndi faiba yemwe thupi siligaya kukhala shuga. Tsopano taganizirani poto wa mbale zisanu ndi imodzi. Anyezi mmodzi wapakatikati amabweretsa magalamu pafupifupi 10, karoti mmodzi 6. Mukagawa, mbale iliyonse ikulandira magalamu osakwana 3 kuchokera kwa awiriwa. Mbatatesi ya theka la kilogalamu m'poto yemweyo ikanaika magalamu 14 m'mbale iliyonse. Anyezi ndi karoti mmodzi si adani anu, ndipo kuwachotsa n'kutaya kukoma kwakukulu populumutsa zochepa. Ngakhale amene akutsatira kadyedwe ka keto, komwe nthawi zambiri munthu amadya magalamu 20 mpaka 50 a makabohaidireti patsiku, angathe kuwasiya m'poto.

Masamba akamafeweratu n'kutuwa, ndiye kuti analowa onse nthawi imodzi, molawirira. Anyezi, selari ndi adyo zokometsera msuzi zilowe koyambirira, ndipo zikatha ntchito mukhoza kuzisefa n'kuzichotsa. Zodya ndi mano zilowe kumapeto motsatizana: zitheba ndi karoti patatsala mphindi 12 mpaka 15, kolifulawa ndi kabichi patatsala 8 kapena 10, zukini patatsala 5, sipinachi poto atatsika kale. Kabichi, kolifulawa ndi burokoli zili ndi sulufule, ndipo zikaphikidwa nthawi yaitali zimatulutsa fungo lija lokhala ngati dzira lovunda. Fungolo likangoyamba silichoka. Ndimu amalichepetsako pang'ono chabe.

Zukini ndi bowa zimatulutsa madzi ambiri, ndiye ngati msuzi unali bwino koma wasukuluka masamba atalowa, olakwa ndi amenewa. Muziwakazinga kaye, ndipo mchere womaliza muzilawa masamba onse atalowa.

Ndadya koma njala siikutha

Vuto ili ndi limene limagwetsa anthu ambiri ulesi, ndipo ndimamva chisoni ndikaona munthu akudziimba mlandu kuti alibe kudziletsa pamene mbale yake inalibe chakudya chokwanira. Mukachotsa sitachi, mwachotsa mphamvu imene thupi linkalandira. Ngati pamwamba pa apo mwachotsanso khungu, mwayengula mafuta onse, n'kugawa nganga imodzi kwa anthu anayi, ndiye kuti mwamwa madzi otentha a masamba. Thupi silinganamizidwe.

Mbale ya munthu wamkulu, ngati supuyo ndiyo chakudya chonse, ikhale ndi mnofu wokwana chikhatho chake kapena kuposerapo, magalamu 120 mpaka 150. Mnofu wophika wa ntchafu uli ndi magalamu pafupifupi 25 a puloteni pa magalamu 100 aliwonse, ndipo puloteni ndi amene amagwira m'mimba nthawi yaitali. Dzira lowiritsa lodulira pamwamba limaonjezera magalamu ena 6. Mafuta musawayengule onse. Galamu imodzi ya mafuta imapereka makalori 9, pamene ya sitachi imapereka 4, ndiye supuni ya batala, ya mafuta a olivi, kapena zidutswa za peyala m'mbale zimatseka mpata womwe mbatatesi inasiya. Komanso dulani masamba ndi nyama m'zidutswa zikuluzikulu zofuna kutafuna. Supu yoperapera yongomeza imatha m'mphindi zitatu, m'mimba musanatumize uthenga woti mwakhuta.

M'masiku oyambirira ochepetsa makabohaidireti, ena amamva mutu, kufooka ndi chizungulire. Chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti insulini, yomwe imayendetsa shuga m'thupi, ikatsika, impso zimataya mchere ndi madzi ochulukirapo kudzera mumkodzo, ndipo msuzi wokolera mchere umathandizadi pa nthawi imeneyo. Koma bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, choncho amene muli ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, la mtima kapena la impso musaonjezere mchere musanafunse dokotala wanu. Chimodzimodzinso inu amene mumabaya insulini kapena kumwa mankhwala otsitsa shuga: mukachepetsa makabohaidireti mankhwala ali pa mlingo wakale, shuga akhoza kutsika mopitirira mpaka kukomoka. Kambiranani ndi achipatala musanasinthe kadyedwe, osati zitavuta kale.

Yawawa

Ngati ndi mchere, iwalani zoti kuponyamo mbatatesi kumayamwa mchere. Mbatatesi imayamwa msuzi wonse mmene ulili, wotsalawo n'kukhala wowawa chimodzimodzi. Chothandiza n'kuonjezera msuzi wopanda mchere, kapena madzi ndi masamba ena, ndi kirimu pang'ono. Ngati ndi kuwawa kwa ngati mankhwala, yang'anani zitatu: adyo wopserera pokazinga, chiwindi chophikidwa nthawi yaitali m'msuzi, kapena ndulu yomwe inaphulika potumbula nkhuku. Adyo amafuna theka la mphindi lokha pamafuta. Chiwindi muchikazinge pachokha. Pamene pagwera ndulu pamaoneka pobiriwira, ndipo pamafunika kudula n'kutaya nyama isanalowe m'poto, chifukwa ikangolowa palibe chochotsa kuwawako.

Yasasa mmawa mwake

Poto wamkulu wovundikira amasunga kutentha kwa maola ambiri, ndipo pakati pa madigiri 5 ndi 60 ndi pamene tizilombo timaswana mofulumira. Tina, monga Clostridium perfringens, tili ndi njere zolimba zomwe sizifa ndi kuwira, ndipo zimadzuka msuzi ukamazizira pang'onopang'ono. Choopsa n'chakuti supu yotere nthawi zina siinunkha n'komwe, koma imatsegula m'mimba. Musasiye poto pachitofu usiku wonse podalira kuti muwiritsanso mmawa.

Gawani supu m'zotengera zing'onozing'ono zosazama, kapena khazikani poto m'beseni la madzi ozizira mukutakasa, ndipo ilowe mufiriji asanathe maola awiri chitsikire pamoto. Mmenemo imakhala masiku atatu kapena anayi. Potenthetsa, tungani yokwanira kudya nthawi imeneyo yokha, muitenthetse mpaka iwire. Ngati mukufuna kuumitsa ina mufiriza kuti ikhale miyezi iwiri kapena itatu, umitsani msuzi ndi nyama zokha. Zukini ndi kolifulawa zikauma n'kusungunuka zimaphwanyika n'kutulutsa madzi, ndipo kirimu ndi dzira zimadukaduka, ndiye zimenezi muzidzaika zatsopano tsiku lodya, msuzi ukayamba kuwira.